Ku Likoma, pogona ndi chakudya zimayendera tsiku la sitima

Sitima ikalira kunyanja, chilumba chonse cha Likoma chimadzuka. Kaya ndi masana kaya ndi pakati pa usiku, anthu amatsikira kugombe la Mbamba, ena kukalandira abale, ena kukakwera, koma ambiri kukadikira katundu. Matumba a chimanga ndi ufa, madengu a tomato, kabichi ndi anyezi, makireti a zakumwa, shuga, mafuta ophikira, simenti, malata, ngakhale mbuzi ndi nkhuku, zonsezi zimatsika m'chombo chimodzimodzicho. Mlendo amene waima poteropo n'kumaonerera angayese ndi chipwirikiti wamba cha padoko, osadziwa kuti zikutsitsidwazo ndi zomwe iye adye sabata yonseyo.

Apa ndi pomwe tchuthi cha pachilumba chimasiyanira ndi cha kumtunda. Ku Senga Bay kapena ku Mangochi, malo ogona akakukhumudwitsani mumakwera galimoto n'kukafuna ena, ndipo ndiwo zikapanda kukoma mumasuntha n'kukadya kwina. Pachilumba khomo lotulukira ndi limodzi, ndipo silitseguka tsiku lililonse. Choncho amene akulingalira zokapuma ku Likoma kapena ku Chizumulu ayambe wadziwa tsiku lomwe sitima imafika ndi lomwe imabwerera, ndipo za pogona ndi podyera zibwere pambuyo. Ambiri amayambira kumapeto. Amaona chipinda chokongola pa Facebook, n'kulipiriratu masiku awiri, osadziwa kuti masiku awiriwo akatha sipadzakhala chombo chowabweza.

Zilumba ziwirizi ndi za Malawi, koma zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Kuchokera ku Likoma, mudzi wa Cobué uli pa mtunda wa makilomita ochepa chabe, mwakuti mapiri a dzikolo amaoneka ngati mungawakhudze ndi dzanja, pomwe Nkhata Bay ili kutali, ulendo wa maola angapo pamadzi. Zidakhala mbali ya dziko lino kaamba ka mishoni ya UMCA, yomwe idakhazikitsa likulu lake pa Likoma m'zaka za m'ma 1880. Likoma ndi ya masikweya kilomita 18 okha, Chizumulu atatu, ndipo kalembera wa 2018 adapeza anthu pafupifupi 14 500 pa zilumba zonse ziwiri. Anthu ochuluka chonchi, pa nthaka yochepa yomwenso ndi yamiyala ndi yamchenga, sangadzidyetse ndi khasu lokha. Chinangwa chimabereka, mango ndi malambe n'zosasowa, nsomba ndiye chuma chawo. Koma chimanga, mpunga, nyemba ndi ndiwo zamasamba zambiri zimachokera kutsidya, kaya kumtunda kwa Malawi kaya ku Mozambique, komwe zombo za matanga zimakatengakonso nkhuni.

Kalendala ya sitima

Chombo chomwe anthu a kuzilumbazi akhala akudalira kuyambira nthawi ya agogo awo ndi MV Ilala. Idapangidwa ku Scotland mu 1949, n'kubwera nayo kuno zidutswazidutswa, kuilumikiza ku Monkey Bay, ndipo idayamba kuyenda mu 1951. Ndi yaitali mamita 52 ndipo imanyamula anthu oposa 350 pamodzi ndi katundu. Imayenda ulendo umodzi pa sabata, kuchoka ku Monkey Bay kukafika kudoko la Chilumba m'boma la Karonga n'kubwerera. Dzina la dokoli lisakusokonezeni: Chilumba ameneyu ali kumtunda, ndipo wogula tikiti atchule Likoma momveka bwino.

Kwa zaka zambiri ndondomeko yake yakhala yotere: imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, n'kufika ku Likoma Loweruka, kenaka n'kupitirira ku Chizumulu, Nkhata Bay ndi kumpoto. Pobwerera imachoka ku Nkhata Bay Lolemba usiku, n'kudutsa ku Chizumulu, kufika ku Likoma Lachiwiri m'bandakucha, ndipo Lachitatu imakhala yabwerera kwawo. Tawerengani ndi zala. Wochokera kummwera amene watsika Loweruka angagone Loweruka, Lamulungu ndi Lolemba, masiku atatu, n'kukwera Lachiwiri. Wochokera ku Mzuzu kapena ku Lilongwe amene wakwerera ku Nkhata Bay Lolemba usiku adikira mpaka Loweruka kuti abwerere komwe adakwerera, kutanthauza masiku anayi ogona. Woiphonya amawonjezera sabata yathunthu, pokhapokha atapeza boti lina. Maboti a anthu wamba omwe amayenda pakati pa Nkhata Bay ndi zilumbazi alipo, ndipo amathandiza kwambiri, koma nawonso ali ndi masiku awo, ndipo nyanja ikalusa ndiwo amayamba kuima.

Ndondomeko ndi ya papepala. M'malo momwe mulibe doko lomangidwa, monga ku Chizumulu, sitima imaima patali ndipo maboti ang'onoang'ono ndiwo amatuta anthu ndi katundu, ulendo ndi ulendo, mpaka zonse zithe. Katundu akachuluka ntchitoyi imadya maola, ndipo kuchedwa kwa padoko limodzi kumasefukira ku madoko onse otsatira. Nthawi zina Ilala imapita kokakonzedwa ndipo zombo zina, monga MV Chilembwe, zimagwirizira. Safunsa adadya phula: imbani foni ku ofesi ya sitima ku Monkey Bay kapena ku Nkhata Bay sabata yomwe mukunyamukayo, ndipo funsaninso mwini malo omwe mukagone, chifukwa anthu a pachilumba amadziwa pomwe sitima yafika kuposa wina aliyense. Pa ndalama zomwe mwakonza, ikanipo zapadera zokwanira kugona ndi kudya masiku awiri owonjezera. Mukabwera nazo osazigwiritsa ntchito, palibe chomwe mwataya.

Mwini wake weniweni wa kalendalayi ndi mphepo. Kuyambira May mpaka August, nthawi zina kufika mu September, kumaomba mwera, mphepo yochokera kummwera chakum'mawa, yomwe imautsa mafunde aakulu panyanja yonse. Anthu a m'mbali mwa nyanja saichitira masewera. Bishopu Chauncy Maples wa ku Likoma adamira m'nyanjayi mu September 1895 boti lake litagubuduzika ndi namondwe, ndipo pa 30 July 1946 sitima ya Vipya idamira kumpoto kwa nyanjayi n'kupha anthu 145. Izi sizikunenedwa pofuna kuopseza munthu. Nyengo ya mwera ili ndi ubwino wake, kunja kumazizira bwino ndipo udzudzu umachepa. Koma wosankha miyezi imeneyi adziwe kuti woyendetsa boti akanena kuti lero sitinyamuka, ndiye kuti chipinda chija mulipiranso usiku wina, ndipo kumukakamiza n'kupusa. Mu October ndi November nyanja imadekha, madzi amayera mbee, koma kutentha kwake n'kwa mnanu. Mvula imagwa kuyambira December mpaka April, chilumba n'kubiriwira.

Musaiwale kuti malo oyamba ogona ndi sitima yomweyo. Ilala ili ndi zipinda zochepa zokhala ndi mabedi, zomwe zimafunika kusungitsiratu. Ili ndi denga lapamwamba pomwe okwera kalasi yoyamba amagona pamtetete, nyenyezi zili ngwee, komanso makalasi apansi omwe ndi otsika mtengo koma othithikana ndi anthu, matumba ndi madengu a nsomba. Wogona pamwamba atenge bulangete kapena chovala chochindikala, pakuti mphepo ya panyanja m'bandakucha imalowa mpaka m'mafupa ngakhale mwezi wotentha. Chakudya ndi zakumwa zimagulitsidwa m'sitimamo, komabe woyenda ndi ana asadalire zokhazo. Buledi, mazira owiritsa, nthochi, mtedza wokazinga ndi madzi akumwa n'zokwanira usiku umodzi.

Njira ina ndi ndege zing'onozing'ono zochokera ku Lilongwe, zomwe zimatera pabwalo la Likoma pakangotha ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono. Zimamasula munthu ku kalendala ya sitima, koma mtengo wake ndi wa anthu ochepa, ndipo katundu wololedwa ndi wochepa.

Kum'mawa kapena kumadzulo

Likoma munthu wamphamvu angaiyende wapansi kuchoka ku Makulawe kumpoto kukafika ku Nkhwazi kummwera tsiku limodzi, koma kuchepa kwake kusakunyengeni. Njira zake n'zokwera ndi kutsika, zamiyala ndi mchenga, galimoto n'zowerengeka, ndipo makilomita atatu pa dzuwa la October, chikwama chili kumsana, amatalika. Mbali ya chilumba yomwe mwagona ndiyo imalamula zomwe mudye ndi ndalama zomwe muwononge.

Kum'mawa, moyang'anana ndi Mozambique, kuli Mbamba ndi Chipyela. Uku ndiye kuli msika, magolosale, maofesi a boma, chipatala cha St Peter's ndi tchalitchi chachikulu cha St Peter's cha mpingo wa Anglican, chomwe adayamba kumanga mu 1903 n'kuchipatula mu 1911, pamalo pomwe kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti, komwe kudachokera dzina loti Chipyela. Kunoko kuli maresitihausi ndi maloji ang'onoang'ono momwe mumagona ochita malonda, ogwira ntchito za boma ndi alendo a mpingo. Zipinda zake n'zosadzitama: bedi, neti, bafa, mwina fani. Ubwino wake ngwakuti zonse zili pafupi. Mungadye pamalo a nsima ndi nsomba pamtengo womwe eni dera amalipira, mungagule nokha zamumsika, ndipo sitima ikalira usiku mumangoyenda mphindi zochepa. Chomwe mumataya ndi bata, chifukwa gombe la kuno ndi la ntchito: maboti, makoka, matandala a usipa ndi nyimbo za m'mabala.

Kumadzulo ndi kummwera ndiko kuli magombe a mchenga woyera omwe mumawaona pa zithunzi, komwe dzuwa limalowera m'madzi ndipo mapiri a Nkhata Bay amaoneka ngati mtambo. Magombe oyang'ana kumadzulo amabisalako kwa mwera, choncho ngakhale mu July madzi ake amakhala osambika. Kuno kuli Mango Drift, komwe kumafikira achinyamata oyenda ndi zikwama kumsana ndipo munthu angamange tenti yake kapena kugona m'chipinda cha anthu angapo. Kuli Ulisa Bay Lodge, ya mtengo wapakati. Kulinso Kaya Mawa, imodzi mwa maloji otchuka ndi okwera mtengo kwambiri m'dziko muno, yomwe zipinda zake adazimanga m'matanthwe. Amene adapereka dzina limeneli adachidziwa bwino chilumbachi, pakuti ndi yankho lomwe mlendo amalimva akafunsa za boti, za nsomba kapena za katundu wake.

Msampha womwe ambiri amagweramo uli apa. Amayerekeza mitengo ya zipinda yokha, n'kusankha chotsika mtengo pagombe lakutali, osawerengera kuti kumeneko kulibe kwina kodyera. Kadzutsa, nkhomaliro, mgonero, ngakhale botolo la madzi, zonse mugula pa loji yomweyo, pamtengo wa loji. Mtengowo si umbava. Mwini loji adalipira kuti tchizi, nyama, ufa wa tirigu ndi gasi ziwoloke nyanja, ndipo amayendetsa firiji usana ndi usiku kuti zisawonongeke. Koma banja la anthu asanu lomwe likudya katatu patsiku kwa masiku anayi lagula mbale 60, ndipo mbale 60 zingathe kuposa mtengo wa chipinda. Kupita kukadya ku Mbamba n'kotheka, koma ndi ulendo wapansi wokwera phiri kapena wa njinga yamoto ya kabaza, yomwenso ndi ndalama, ndipo usiku njira zake n'zamdima. Kuwerengera koona ndi kophatikiza chipinda, chakudya ndi mayendedwe a pachilumba pomwepo. Ine ndimaona kuti nzeru ndi kugawa masiku: awiri kapena atatu kugombe labata, lomaliza kufupi ndi Mbamba.

Mawu omwe eni maloji amalemba pa mitengo yawo afunika kuwamvetsa musanavomere. Bed and breakfast ndi chipinda ndi kadzutsa basi. Half board amawonjezerapo chakudya chimodzi, kawirikawiri chamadzulo. Full board ndi zakudya zonse zitatu, koma zakumwa nthawi zambiri zimakhala zapadera, ndipo ulendo wa pa boti, zida zoonera nsomba pansi pa madzi ndi galimoto yokutengani padoko zingakhalenso zapadera. Funsani ngati mtengowo ndi wa chipinda chonse kapena wa munthu mmodzi, chifukwa maloji akuluakulu amawerengera pamutu. Funsani ngati msonkho wa VAT ndi wa zokopa alendo uli kale m'katimo. Ambiri mwa malo olandira alendo akunja amalemba mitengo m'madola, ndipo aliyense amene akukumbukira November 2023, pomwe kwacha idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, akudziwa chomwe izi zingachite kwa munthu wolandira malipiro a kwacha. Pemphani kuti akulembereni mtengo wa m'makwacha ndi tsiku lomwe mtengowo udzathere mphamvu. Ndipo musachite manyazi kufunsa mtengo wa nzika. Maloji ambiri m'dziko muno ali ndi mtengo wotsikirapo wa Amalawi ndi okhala kuno, koma sauika poyera, amadikira wofunsa.

Pali mafunso ena ang'onoang'ono omwe amasiyanitsa tchuthi chokoma ndi chowawa. Loyamba: sitima ikafika 3 koloko m'bandakucha, adzanditenga ndani, ndipo chipinda ndidzalowa nthawi yomweyo kapena ndidzadikira masana? Malo ena amawerengera usiku umenewo ngati wathunthu, ena ayi, ndipo ndi bwino kumvana kusadache. Lachiwiri ndi la magetsi. Kale chilumbachi chinkadalira majenereta a dizilo okha ndipo magetsi ankathima usiku. Mu 2020 kampani ya Egenco idaika makina a mphamvu ya dzuwa pa zilumba zonse ziwiri, ndipo zinthu zidasinthako. Komabe woyenda ndi mankhwala ofunika firiji, kapena wodalira fani mu November, afunse ngati malowo ali ndi magetsi awoawo apadera. Neti yopanda zibowo ndi yofunika kuposa kukongola kwa makatani, chifukwa malungo m'mbali mwa nyanja sapita ku tchuthi. Gombe losambapo likhale la madzi oyenda ndi mafunde, lopanda bango ndi udzu, momwe mumabisala nkhono zofalitsa likodzo.

Nthawi ya Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano ana a pachilumba omwe amagwira ntchito ku Mzuzu, Lilongwe, Blantyre ngakhale ku Johannesburg amabwerera kwawo, magule a malipenga ndi chioda amavinidwa, ndipo sitima ndi zipinda zimadzaza. Isitala ndi chikondwerero cha Petro Woyera pa 29 June zimakokanso anthu a mpingo. Wofuna masiku amenewa asungitse malo mwezi usanakwane. Posungitsa, chenjerani ndi akathyali omwe amatenga zithunzi za maloji enieni n'kuikapo nambala zawo za foni. Musanatumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, pezani nambala ya malowo kuchokera kwina, imbani, mulankhule ndi munthu, ndipo uthenga wotsimikiza kuti ndalama yapita muusunge mpaka mutabwerako.

Ena safuna loji konse, ali ndi achibale kapena anzawo a mumpingo omwe adawauza kuti mukadzabwera mudzafikire kwathu. Kulandira mlendo ndi ulemu womwe anthu a kuzilumbazi amaunyadira, ndipo palibe amene angakuuzeni kuti ufa watha. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, koma mlendo wa pachilumba sakamuka msanga, amadikira sitima. Ufa womwe akukuphikiraniwo udawoloka nyanja ndipo udalipiridwa. Wofikira pakhomo la munthu anyamule ufa, mpunga, nyemba, shuga ndi mafuta zokwanira iye ndi banjalo, apereke kwa mayi a pakhomopo tsiku lofika, ndipo nsomba azigula ndi iye.

Mphika wa pachilumba

Nsima ya eni nthaka ndi kondowole. Chinangwa amachiviika m'madzi masiku angapo kuti ululu wake uchoke ndiponso chifewe, kenaka amachiyanika padzuwa, n'kuchisinja, n'kusefa ufa wake. Nsima yake ndi yonanda, yotanuka, ya kafungo kowawasa pang'ono, ndipo imakhalitsa m'mimba. Wa ku Dedza kapena ku Thyolo woidya koyamba amalimbana nayo, chifukwa siitemeka ngati ya chimanga ndipo eni ake saitafuna kwambiri, amangoiviika mu msuzi n'kumeza. Koma kupita ku Likoma n'kubwerako osalawa kondowole wa usipa wauwisi ndi chigwada chotendera ndi kuwononga tikiti. M'malo odyera ambiri amaphika nsima ya chimanga ndi mpunga pofuna kusangalatsa alendo, choncho kondowole muchite kupempha, ndipo mupemphe m'mawa.

Za nsomba ndi pomwe alendo amadabwa kwambiri. Amaganiza kuti pachilumba nsomba ndi ya tsiku lililonse ngati mchenga, koma pali masiku omwe ngakhale pa Mbamba simungaipeze yaiwisi. Usipa amaupha usiku ndi nyali. Asiginala amapita patsogolo m'mabwato ndi magetsi owala, nsomba n'kusonkhana pa kuwalako, kenaka anzawo n'kuzizinga ndi khoka la chilimira. Njirayi imafuna mdima. Mwezi ukakhwima n'kumawala usiku wonse, nyali sizikopanso nsomba ndipo asodzi ambiri amapuma n'kumasoka makoka awo. Mwera ukalimba sapitanso panyanja. Masiku otere ndiwo zimakhala usipa wouma, nyemba kapena mazira, ndipo nsomba yochepa yomwe yapezeka imakwera mtengo. Wokonda nsomba ayang'ane mwezi kumwamba asanasankhe sabata yake: masiku a mdima ndiwo masiku a usipa wambiri, ndipo ndi masiku omwewo pomwe usiku nyali za asodzi zimandandalika panyanja ngati tauni yoyandama.

Mlendo wa m'tauni akangokhala pansi amaitanitsa chambo, ngati kuti m'nyanjamu mulibe nsomba ina. Chambo chidachepa m'nyanja yonse ndipo chimakonda madzi osaya a kummwera. Kuzungulira Likoma madzi ngakuya ndi amiyala, kwawo kwa utaka, mcheni, kampango ndi mbuna zamawangamawanga zomwe alendo amakaziona ndi magalasi. Kampango wowotcha pamakala kapena wophika ndi tomato, wonona ndi wopanda minga yambiri, sachepera chambo m'kukoma. Mcheni wokazinga wongochoka m'madzi m'mawa womwewo ndi chinthu chomwe ku Lilongwe simungachigule ndi ndalama iliyonse. Funso labwino kwa wophika ndi lakuti, kodi lero kwapezeka nsomba yanji?

Malo odyera a pachilumba saphikiratu zambiri, poopa kutaya chakudya chomwe chidavuta kupeza. Mukangofika n'kuitanitsa nkhuku, dziwani kuti mwina nkhukuyo ikadali kuyenda pabwalo. Mwambo wake ndi kunena msanga: za nkhomaliro nenani pa kadzutsa, za mgonero nenani masana, ndipo tchulani kuti muli angati. Maloji ena amaphika chakudya chamtundu umodzi madzulo, alendo onse n'kudyera pamodzi, ndipo wosalembetsa dzina masana amagona ndi tiyi. Amene sadya nyama, odwala shuga, kapena Asilamu ofuna nyama yozinga mwa chipembedzo chawo anene asanakwere n'komwe sitima, kuti zofunikazo zikwere nawo limodzi. Pa Mbamba pali malo odyera a anthu wamba, ndipo ena mwa iwo, monga omwe adatchuka ndi dzina loti Hunger Clinic, adalowa mpaka m'mabuku otsogolera alendo. Ambiri amatseka kukangoda, ndipo Lamulungu m'mawa chilumba chimakhala ku tchalitchi, kotero za tsikulo konzeranitu Loweruka.

Wofuna kudziphikira afunse ngati malo ogonawo amalola ndiponso ngati ali ndi khitchini, mbaula ndi miphika. Msika umakhala wodzaza tsiku lomwe sitima yafika ndi lotsatira lake. Pofika tsiku lachinayi tomato amakhala wafota, kabichi watha ndipo mitengo yakwera. Zouma ndi zosavuta kunyamula, monga mpunga, khofi, mkaka wa ufa, zokometsera ndiwo ndi chakudya cha mwana wakhanda, bwerani nazo kuchokera ku Mzuzu kapena ku Nkhata Bay. Koma musadzaze chikwama ndi zonse ngati mukupita kuchipululu. Nsomba, chinangwa, mazira, mandasi, zitumbuwa ndi zipatso gulani konko. Tchuthi chanu chisiyeko kanthu m'manja mwa amayi ogulitsa pamsika, osati fumbi la nsapato lokha.

Kuyambira November mpaka January mango amachuluka mwakuti ana amangowaponda m'njira, ndipo nyengo yachilimwe ndi ya malambe, omwe mitengo yake ikuluikulu ili ponseponse pachilumbachi. Nthawi zina mudzaona chinthu chonga utsi wakuda chikukwera kuchokera m'madzi kutali. Si moto ayi, ndi nkhungu, tizilombo ting'onoting'ono touluka tomwe timaswana m'nyanja. Mphepo ikatikankhira kumtunda, amayi amatikola ndi malichero kapena madengu onyowetsa, n'kutiumba timikate tomwe amaphika ngati ndiwo. Wakupatsani nkhungu wakulemekezani. Lawani kaye musanakwinye nkhope.

Madzi a m'nyanja amaoneka oyera, koma akumwa akhale owiritsa, othira mankhwala kapena a m'botolo. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, womwe udapha anthu oposa 1 700 m'dziko muno, udakantha kwambiri maboma a m'mbali mwa nyanja. Za ndalama, nyamulani zogwirika zokwanira ulendo wonse, zambiri zikhale zing'onozing'ono. Maejenti a ndalama za pafoni alipo, koma nawo ndalama zimawathera, netiweki imagwa, ndipo msodzi pagombe 6 koloko m'mawa alibe chenji cha K5 000.

Za Chizumulu zonenedwazi zimangowirikiza. Chilumbachi n'chaching'ono kwambiri, midzi yake yodziwika ndi Same ndi Chiteko, ndipo malo olandira alendo ndi ochepa zedi, odziwika bwino ndi Wakwenda Retreat. Ilala imaimapo usiku, ndipo kutsikapo osauza munthu aliyense ndi kudziika pa mavuto. Amene akufuna bata lenileni, phiri loti akwere m'mawa n'kuona nyanja mbali zonse, adzakondwa nako, bola asungitse malo ndi chakudya asananyamuke ndipo adziwe boti lomwe lidzamuwolotsere ku Likoma kapena kumtunda.

Tsiku lobwerera limafuna kukonzekera kwake. Ngongole ya pa loji lipirani dzulo lake, kudakali kowala ndiponso netiweki ilipo, chifukwa sitima ingalire nthawi iliyonse. Gwirizanani ndi mwini malo ngati mungasunge chipinda mpaka itafika, pakuti kudikira pamchenga ndi ana kuyambira madzulo mpaka pakati pa usiku n'kotopetsa. Idyani mgonero msanga ndipo pemphani kuti akukulungireni kena kake ka panjira. Foni, ziphaso ndi ndalama zikulungeni m'pulasitiki, valani nsapato zosaopa madzi, ndipo tochi ikhale m'thumba losavuta kupisamo. Ngati mukufuna kutengera a kunyumba usipa wouma, gulani masana pa matandala, pomwe mungathe kuuona ndi kuununkhiza, ndipo muumange m'katoni yakeyake kutali ndi zovala.